Tepi ya Che Yusufu ndi renti ya ku Berea

Ndinali ndi zaka khumi, mu 1991, pamene ndinangotsala pang'ono kubwezedwa ku Ntcheu chifukwa cha renti. Ndikulemba izi pafoni, ndiye zikamathamanga mundikhululukire, ndimalemba momwe ndimayankhulira.

Tinkakhala mufuleti ina ku Berea, ku Joni, pansanjika yachinayi, lifiti inafa kalekale. Tinali zitseko zitatu. A Mbewe a ku Dedza, amene anagwirako ku mgodi koma nthawi imeneyo anali alonda pasitolo, anali ndi chipinda chachikulu cha khonde. Che Yusufu, telala wa ku Mangochi, anatchinga pabalaza ndi katani, mashini awo ali pazenera. Ine ndi amayi tinali m'kachipinda kogundana ndi bafa, komwe munthu akatsegula mpopi khoma limanjenjemera. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu.

Renti tinkagawa patatu, basi. Ndiye keyateka, woyang'anira nyumbayo, anabwera ndi pepala kuti yakwera, kuchoka pa marandi 450 kufika pa 600. Lamlungu masana akuluakulu anakhala pansi kukhitchini, ine ndili pakhomo ndikunamizira kupukuta nsapato.

"Tiwerenge mitu," anatero a Mbewe. "Muno tilimo anayi. Mwanayu amasamba, amayatsa getsi, amadya mpweya womwewu. Aliyense 150. Inu mayi a Esinati, mitu iwiri."

Amayi atalowa m'chipinda anakhala pabedi n'kundiuza mosabisa kuti 300 sangaikwanitse, ndipo zikatero ndipita kwa azakhali ku Ntcheu Khirisimasi isanafike. Azakhaliwo ndinali ndisanawaonepo. Sukulu yanga, anzanga a pamasitepe, amayi anga, zonse zinali ku Joni kuno. Akuluakulu aja anagwirizana zokumananso Lamlungu lotsatira.

Poyamba ndinaganiza zosiya kukhala mutu. Masiku atatu sindinasambe kuti aone kuti sindidya madzi, mpaka amayi anandinunkhiza m'khosi n'kundikokera kubafa ndi khutu. Zitakanika, Lachisanu nditaweruka kusukulu ndinatenga tepi ya Che Yusufu, yachikasu ija ankaikoleka m'khosi, iwo atapita kumzikiti. Ndinayeza kachipinda kathu. Ndinayeza pabalaza. Kenako ndinakankha chitseko cha a Mbewe, chomwe loko wake sankagwira bwino, n'kulowa.

Munkanunkha polishi ndi fodya. Ndinakwawa ndi tepi kuchoka kukhoma kufika kukhoma, ndipo chipinda chathu chinkalowamo kawiri, khonde osawerengera. Pansi pa bedi panali nsapato zasukulu zakuda, mapeya anayi, zatsopano, atazindandalika kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Ndinaziona, koma mutu wanga unali pa manambala. Ndinalemba kuseri kwa kope langa.

Lamlungu a Mbewe asanamalize n'kupereka moni, ine ndinali nditaima kale pakati ndi kope. Pakamwa panga mpaka lero ndi pomwepa.

"Chipinda chanu n'chachikulu kawiri kuposa chathu, ndayeza ndekha ndi tepi. Ngati mukuwerenga mitu, bwanji osawerenga malo?"

Amayi ananditsina pantchafu kutsina kozungulira kuja, misozi inangolengeza.

"Walowa m'chipinda mwanga?" anafunsa a Mbewe, osayang'ana ine, akuyang'ana amayi. "Ena lo pikinini," anawonjezera, kutanthauza kamwana aka, m'chifanakalo cha kumgodi, chomwe ankachiyankhula akapsa mtima. Apa ndinadziwa kuti ndaononga. Ndinayamba kuiona basi ya ku Malawi m'maso.

Che Yusufu anatenga tepi yawo m'manja mwanga, n'kuipinda pang'onopang'ono ngati alibe kopita.

"Mwana walakwa, zimenezo tiziona," anatero. "Koma achimwene, tsiku lililonse mumatiuza za kukomponi ya kumgodi. Mukalandira nyama anthu khumi chipinda chimodzi, munkagawana bwanji?"

"Wocheka ankatenga pomaliza," anayankha a Mbewe, mwamsangamsanga, chifukwa nkhani imeneyi ankaikonda.

"Eya. Ndiye chekani inuyo. Ikani mtengo pachipinda chilichonse, zonse zikwane 600. Mayiwa asankhe, ine ndisankhe, chotsala n'chanu."

"Nanga madzi a mwanayu? Magetsi?"

"Simbi yanga imadya magetsi kuposa ana atatu, ndipo simunaiwerengepo mutu."

A Mbewe anakanda pachibwano. Akanakana, ndiye kuti nkhani zonse zija za kukomponi zinali zabodza. Anati chabwino, chipinda chilichonse 200.

"Zikomo," anatero Che Yusufu. "Mayiwa akapanda kutenga cha khonde, ndisamukiramo ine mawa. Mashini anga alakalaka mphepo."

"Dikirani kaye, sindinamalize kucheka."

Anatenga pensulo yanga, nalemba pakope langa lomwelo, kufufuta, kulembanso. Anatuluka kukaima pakhomo la kachipinda kathu, wina atatsegula mpopi dala, ndikuganiza anali Che Yusufu, khoma likunjenjemera. Atabwera anati chachikulu 250, pabalaza 200, chaching'ono 150.

Amayi anati, "Tikhala momwe tilimo." Mawu awo ankamveka pang'ono zedi.

Che Yusufu anapita kukasuzumira m'chipinda cha khonde, anakhalitsako, mpaka a Mbewe anayamba kutuluka thukuta pamphuno. Atabwerako anati kuwala kwa pabalaza n'kwabwino pa ulusi wakuda. A Mbewe anatsala ndi chipinda chawo, pamtengo womwe anaika okha, ndipo sanadandaule ngakhale kamodzi.

Mlandu wanga unatsala. Amayi anandigwaditsa pakhomo pa a Mbewe kuti ndipepese, ndipo mwezi wonse ndinkapolisha jombo zawo zaulonda. Tsiku lina ndikupolisha anandifunsa ngati ndinaona nsapato zija. Ndinavomera. Anati ndi za ana awo anayi ku Dedza, akudikira munthu wopita kumudzi, ndipo marandi 50 opitirira pa 200 aja ndi yunifomu ya wamng'ono. Sanakalipe. Ndinangoweramira pajombo. Kuyambira sabata imeneyo amayi ankawasitira yunifomu yaulonda osalipiritsa, ndipo panalibe amene ananenapo kanthu.

Ku Ntcheu sindinapite. Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaifotokoza ngati ndine ndinapulumutsa amayi ndi tepi. Ayi ndithu. Manambala anga anali olondola, koma akanangotithamangitsa, chifukwa palibe munthu wamkulu angalole kuuzidwa ndi kamwana kamene kamulowera m'chipinda. A Mbewe analipira 250 chifukwa anaitchula ndi pakamwa pawo, akudziwa kuti chipinda chilichonse chingawagwere.

Pano ndimakhala ku Zandspruit ndi atsikana awiri. Chaka chatha titalowa m'nyumbamo, pagulu lathu la pafoni panayamba kutentha za zipinda, ine n'kuti mkangano wa chiyani, ndicheka ine, musankhe inu. Chipinda cha zenera ndinachiika motchipa, ndikuganiza kuti andisiyira poti ndine wamkulu. Woyamba kusankha anangochitenga, n'kunditumizira kankhope koseka. Ndikulemba izi ndili m'chipinda chogundana ndi bafa, ndipo ndilibe womudandaulira, mtengo ndinaika ndekha.