Chitsulo cha Mayi Levulo

Ndalondera geti la laibulale zaka zambiri, ndipo amisiri ndawaona amitundumitundu. Amene sindimuiwala ndi mayi womanga yemwe anzake ankamutcha Levulo, chifukwa levulo, chipangizo choonera ngati chomangidwa chawongoka, sichinkachoka m'thumba la ovolosi yake. Anali wamasiye, wa ana atatu. Ntchitoyo ndiyo inkawadyetsa.

Anamupatsa ntchito yomanga njira yotsetsereka pakhomo, yoti oyenda pa njinga za olumala azilowera. Kapitawo anali atakhoma kale chikhomo pothera njirayo. Levulo anakoka chingwe kuchokera pakhomo mpaka pachikhomocho, anachiwongola, n'kuyeza. Kenako analemba pansi ndi msomali.

"Akapitawo, tabwerani. Malo ndi awiri: khomo ndi chikhomo chanuchi. Kukwera theka la mita, kutalika mamita awiri. Gawani. Pa mamita anayi alionse mukukwera mita yathunthu. Limeneli ndi phiri."

"Inu mukufuna bwanji, mayi?"

"Mita imodzi pa mamita thwelofu. Ifike mamita sikisi, apo."

"Apo abwana amaimikapo galimoto."

"Galimoto ili ndi injini. Wapanjinga ali ndi manja."

Levulo anasuntha chikhomo. Kapitawo anachibweza. Anasunthanso, iye anabwezanso. Kachitatu Levulo anatenga chitsulo n'kuchikhomerera pa mamita sikisi mpaka chinatsala mutu wokha.

"Mukapanda kuthira konkire lero, mawa musabwere," anatero kapitawo.

"Khalani m'wilibala, ndikukankheni pathabwa paphiri lanulo. Mukafika pamwamba mano ali onse, ndithira."

Amisiri anaseka. Kapitawo sanaseke. Levulo anatsuka chipande chake chomangira, nanyamuka. Pageti anandiuza, "Amalume, chitsulo changacho muzichiyang'anira."

Amisiri otsalawo anathira njira yaifupi ija. Sabata yotsegulira kunabwera mphunzitsi wina wokalamba panjinga yake. Anafika pakati, manja anatha mphamvu, njinga inabwerera chammbuyo. Ndinaigwira ine, msana wanga ukudziwabe. Eni laibulale analamula kuti agumule njirayo, ndipo kapitawo anatuma uthenga kwa Levulo.

Anabwera patatha masiku awiri, osafulumira. Anam'gwiritsa kapitawo nsonga ya tepi.

"Gwirani pakhomopo. Manambala muzitchula mokweza. Makutu angawa anagontha tsiku lija munandichotsa."

Kapitawo anatchula. Njirayo inakathera pachitsulo chija. Galimoto ya abwana masiku ano imaima kumsewu, ndipo ndimailondera komweko.