Kapu Yoyamba ya a Mbewe

Lachisanu, mwezi wa Novembala, 1997

Lero ndadzuka mtima uli m'mwamba. Dzulo pochokera kusukulu ndinaona madzi akutumphuka pansi kuseri kwa zimbudzi za kumsika, pomwe padutsa paipi yobwera ku mpopi wathu, ndipo chionereni madziwo, a Mbewe sakuchoka m'mutu mwanga.

Ndikakumbukira a Mbewe, ndimamva fungo la dizilo ndi mankhwala a m'madzi, fungo limene silinkatha pa ovolosi yawo ngakhale akazi awo ayichape kawiri. Tinkayandikana nyumba kukomboni, ndipo ntchito yawo ku khonsolo inali yoliza injini yokweza madzi mu thanki yaikulu ya paboma. M'mawa tinkamva injiniyo ikutsokomola kutali, kenako mpopi wathu unkayamba kulavula mphepo, ndowa zikugundana pamzere, utsi wa mbaula ukulowa m'maso, azimayi akukangana kuti chigubu chayamba kufika ndi cha yani.

Koma panalibe wotunga a Mbewe asanafike. Ankabwera ndi sipanala paphewa ndi kapu yoyera yachitsulo m'thumba. Ankatunga, kuyang'ana padzuwa, kununkhiza, n'kumwa pang'onopang'ono.

"Kapu yoyamba ndi yanga," ankatero. "Ngati muli imfa, iyambe ine."

"Fulumiranitu achimwene," azimayi ankawaseka, "mukumwa ngati tiyi wa kwa apongozi!"

Ndili mu Giredi 5, mkulu wanga Esinati ankakwatiwa. Kutatsala masiku atatu, azakhali anafika pa njinga kuchokera ku Zemba atanyamula chimera chofululira thobwa. Mvula inali itagwa sabata yathunthu. Ine ndi amayi tinagubuduza migolo iwiri mpaka pampopi, ndipo azimayi anatipatsa malo oyamba poti ndife a ukwati.

Tsiku limenelo a Mbewe sanamwe. Ananunkhiza kawiri, n'kutaya madziwo pansi. Kenako anapita pa kabokosi ka simenti komwe kunali chitsulo chotsekera madzi a komboni yathu, anapotokola ndi sipanala, n'kukhalapo pamwamba. Mpopi unadontha kawiri, zii.

"A Mbewe, ndi nthabwala?" amayi anafunsa.

"Ayi mayi. Madziwa akununkha chimbudzi."

"Madzi oyera chonchi? Mukufuna kundichititsa manyazi pamaso pa asewere anga?"

Azakhali ndiye anamanga chitenje m'chiuno. "Inu bambo, kwathu ku Zemba timamwa pamodzi ndi achule, onani m'mene ndanenepera! Dzukani apo. Kapena mukufuna ntchafu ya nkhuku? Nenani."

Anthu anaseka, koma a Mbewe anangopukuta kapu yawo. "Thobwa lanu muwiritsa, inde. Nanga ana amene akumwa pampopi pomwepa? Manyazi amatha ndi sabata, mayi. Manda satha."

Amayi anapita kukatenga ndowa. Tinasenza ndowa kupita ku mjigo wa kutsidya, ulendo wautali m'matope, ndipo njira yonse ankangong'ung'udza kuti munthu amene timabwerekana naye mchere sangachite zotere. Inenso ndinawada a Mbewe tsiku limenelo, khosi likuwawa ndi ndowa yachinayi.

Pobwerera tinawapeza akuyenda motsatira paipi, atagunditsa ndodo yachitsulo pansi, khutu lili kumapeto kwake, ngati namwino akumvera mimba. Anaima kuseri kwa chimbudzi china chimene chinasefukira ndi mvula, n'kuyamba kukumba okha. Atate anawayang'ana kanthawi, kenako anatenga khasu. Bambo ake a mkwati, amene anabwera kudzaona zokonzekera atavala jekete, anaivula naonso n'kulowa m'dzenje.

Dzuwa likupendeka anaifika paipiyo. Inali itang'ambika kutalika ngati chala, ndipo inagona m'madzi akuda onunkha moti azakhali anatseka mphuno ndi chitenje. A Mbewe anandiitana ineyo.

"Iwe umapita kusukulu, bwera uone. Injini ikazima, paipi imayamwa zonsezi. M'mawa n'kukupatsira mu kapu."

Sindinaiwale. Anadula pong'ambikapo, analumikiza paipi ina, anathira mankhwala mu thanki, n'kusiya mpopi ukutaya madzi mpaka fungo litatha. M'mawa mwake anatunga, kuyang'ana, kununkhiza, n'kumwa kapu yonse. Azimayi analulutira ngati mkwatibwi watuluka kale.

Thobwa linachedwa ndi tsiku limodzi, moti silinawawase bwino, ndipo alendo ankati ndi phala la ana. Koma palibe mwana wa komboni yathu amene anagonekedwa ku chipatala mvula imeneyo. Pa tsiku la ukwati, asanamwe aliyense, amayi anatunga thobwa, anadutsa asewere awo ndi abusa omwe, n'kukagwada pamaso pa a Mbewe.

"Kapu yoyamba ndi yanu," anatero.

A Mbewe anayang'ana padzuwa, ananunkhiza, anthu n'kugwa nacho chiseko.

Chaka chatha anapuma ntchito n'kubwerera kwawo ku Mlolo. Kapu ija anandisiyira ine, ati poti ndine ndinasuzumira m'dzenje osathawa. Ili pa windo, ndimasungiramo mapensulo. Pampopi masiku ano aliyense amangotunga.

Mvula yayandikira, ndipo paipi ya kumsika ija yang'ambika, ndikudziwa. Anzanga akuti mtsikana wa yunifomu sangamvedwe ku ofesi. Tiona. Mawa ndikhuthula mapensulo, ndikaima patsogolo pa mzere ndi kapu yanga. Ndikanunkhiza, ndikatunga ena m'botolo, ndipo Lolemba ndisanalowe m'kalasi ndikaliika pa tebulo la akuluakulu a zamadzi ku khonsolo. Sindikachokapo mpaka wina atanyamula khasu.