Tsiku Limene Katani Yathu Inapita Kutauni

Bambo anga sankakhulupirira kuti munthu angangodzuka n'kupita kwinakwake. Ulendo uliwonse unkayenera kukhala ndi pulogalamu, ndipo pulogalamuyo inkalembedwa papepala la mizere yojambula ndi rula. Anali kalaliki pakampani ina ya fodya ku Limbe, choncho ankaona kuti dziko likanayenda bwino anthu akanamawafunsa kaye.

Holide ina ndili mu sitandade sikisi, analengeza kuti banja lonse lipita kutauni ku Blantyre kukajambulitsa chithunzi ku situdiyo. Tinkakhala ku Bangwe. Kuchokera kwathu kukafika kutauni anali mabasi awiri okha, kusinthira ku Limbe, koma bambo anatipatsa masabata atatu okonzekera. Anthu opita ku Joni sankakonzekera chonchi. Ana tinalipo anayi: achimwene, ine, mng'ono wanga ndi khanda la kumsana. Tonsefe ulendo wathu wautali unkathera pamsika wa Limbe, Blantyre tinkangomumvera kwa anthu.

Ineyo ndi amene ndinkachifuna kwambiri chithunzicho. Pakhoma pathu panali chithunzi chimodzi chokha, cha mwini dziko, yemwe sanali wachibale wathu ngakhale ankatiyang'ana tsiku lililonse tikamadya. Ndinkafuna kudziona ndekha ndili m'galasi pambali pake, alendo azifunsa kuti uyu wamtaliyu ndi ndani.

Loweruka loyamba tinaphunzira kuwoloka msewu. Bambo anathira phulusa mizere iwiri pabwalo, umenewo ndiwo unali msewu. Iwo anaima tsidya linalo, mbale yofiira kudzanja lamanja, tsamba la nthochi kumanzere, n'kukhala maloboti. Achimwene anali galimoto. Mng'ono wanga anagundidwa kanayi masana amodzi, ndipo anthu a m'nyumba zoyandikana nafe anatulutsa mipando kuti aonere bwino.

"Red ndi red," ankatero bambo akugwedeza mbale ija. "Kutauni kulibe sorry. Bwererani, tiyambirenso."

Loweruka lachiwiri linali la malamulo. Osaloza chilichonse ndi chala. Osafunsa mafunso mokweza. Osatsatira mzungu. Wofuna kuchimbudzi apitiretu konkuno, chifukwa m'pulogalamu munalibe mzere wa zimenezo. Kenako anatulutsa envulopu ya makhadi a chipani, poti masiku amenewo sunkakwera basi kapena kulowa mumsika wopanda khadi. Aliyense anali ndi lake, ngakhale khanda lija, lomwe maganizo ake pa ndale anali asanadziwike bwinobwino.

Zonse anaziganizira bambo anga: mabasi, mbatata yophika yodyera m'njira, ambulera, ngakhale mpango wopukutira nsapato tikafika pakhomo la situdiyo. Chimene anaiwala n'chakuti ana amakula.

Lachisanu m'mawa, kutatsala tsiku limodzi, anati asanapite kuntchito aliyense avale zovala za ulendo kuti aziyendere. Tinandanda pakhonde. Achimwene anakhoza, mng'ono wanga anakhoza. Atafika pa ine anaima. Diresi langa labuluu linali la Khirisimasi ya zaka ziwiri zapitazo, ndipo mayi anali atamasula kale mpendero wake mpaka kutha. Ine ndinali nditatalika osapempha chilolezo kwa aliyense. Mawondo onse awiri anali panja, akuyang'ana bambo.

Boma lathu linali lachikondi kwambiri. Linkatisamalira mpaka mawondo. Lamulo linkati diresi la mkazi liziphimba mawondo, ndipo pasiteji ya basi pankakhala anyamata a chipani a malaya ofiira amene ntchito yawo inali kuteteza dziko ku miyendo ya atsikana. Kwathu ku Bangwe ndinkazemba povala chitenje, koma uwu unali ulendo wa kutauni.

Bambo anagwada, n'kuika rula pabondo langa. "Zala zinayi," anatero. "Ameneyu sapita. Atibwezetsa tonse pasiteji, ndipo dzina langa limveka mpaka kuofesi."

"Avala chitenje pamwamba," anatero mayi.

"Chitenje? Pachithunzi? Kodi tikupita kumaliro?"

"Nanga yunifomu ya kusukulu?"

"Kuti aliyense woona chithunzicho adziwe kuti mwana wa kalaliki alibe chovala china? Ayi. Atsale azisunga nyumba."

Anatulutsa cholembera m'thumba la malaya, n'kudula mzere pa dzina langa papepala la pulogalamu. Anadula ndi rula, kuti uwongoke bwino. Kenako ananyamuka wa kuntchito, chifukwa nthawi inali itakwana.

Ndinalira mpaka mutu kupweteka. Mayi sanandinyengerere. Anatenga diresi lija kupita nalo kwa telala wa pakhonde la golosale, bambo wina wachisilamu wodziwa ntchito yake. Anamupeza ali ndi mulu wa zovala za ukwati wa mawa lake, akukonzekeranso kupita ku mzikiti, ndipo nsalu yabuluu yofanana ndi diresilo analibe. Anati abwere Lolemba. Mayi anabwerera, n'kuima pakati pa balaza diresi lili paphewa, akuyang'ana windo.

Ndikuuzeni za katani ya pawindolo. Inali yachikasu, ya maluwa akuluakulu ofiira, ndipo mumzere wonse wa nyumba zathu inali katani yeniyeni yokhayo. Ena ankatchinga ndi nyuzipepala kapena chitenje chakutha. Mayi anaigula kwa amwenye ku Limbe atakazinga mandasi dzinja lonse. Ankaichapa okha, kuisita okha, ndipo mwana woigwira ndi manja a ndiwo ankadziwa kuti moyo wake wafika pamapeto. Azimayi odutsa popita kumpopi ankachepetsa liwiro kuti aione.

Katani imeneyo ndi imene anaitsitsa, n'kuiyala patebulo. Anayeza ndi chikhatho, n'kulowetsa sizasi. Sanapume n'komwe. Masana onse anakhala pakhonde ndi singano, akusoka kansalu kamene anadula kumunsi kwa katani kuzungulira m'munsi mwa diresi, ulusi akuudula ndi mano.

Poyamba ndinasangalala. Koma nditavala ndinaona chimene ndasanduka. Pamwamba buluu, m'munsi chikasu, ndi maluwa ofiira odulidwa pakati. Panalibe munthu ku Bangwe amene akanafunsa kumene nsaluyo yachokera.

"Amayi, anthu andiseka," ndinatero.

"Akuseka iweyo ukupita kutauni, iwo akutsala," anayankha akutola tizidutswa ta ulusi pamiyendo pawo.

Bambo atabwera anagwadanso ndi rula yawo. Anati ndakhoza, n'kulembanso dzina langa pamwamba pa mzere uja. Atakhala pampando wawo ndi pamene anaona kuti katani yathera m'malere. "Nanga pawindopa?" anafunsa.

"Windo silikwera basi," anatero mayi, n'kulowa kukhitchini.

Loweruka tinanyamuka ndendende nthawi ya papepala, tili pamzere, bambo patsogolo ndi ambulera. Sitinapitirire nyumba zitatu. Mtsikana wina wa kalasi lathu, amene tinkadana naye kale, anaima pampopi ndi ndowa yake n'kufuula kuti, "Taonani windo la kwawo likuyenda!" Pampopi ponse panagwa chiseko. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo mkwiyo wanga wonse sunapite kwa mtsikanayo, kapena kwa bambo ndi rula yawo, kapena kwa amene anapanga lamulo. Unapita kwa mayi, chifukwa ndi amene anali pafupi.

Pasiteji anyamata a malaya ofiira aja analipo. Anaona makhadi, la khanda lomwe. Kutsogolo kwathu kunali mtsikana wina wovala bwino, wa chikwama cham'manja. Anamuuza kuti aime mowongoka, n'kumubweza kwawo anthu onse akuona, ati diresi lake silinaphimbe mawondo. Atafika pa ine, mmodzi anayang'ana maluwa anga, n'kumwetulira. "Awa ndiye makolo," anauza bambo. "Mwana waulemu ameneyu." Bambo anatukumula chifuwa ngati asoka ndi iwo.

Anthu amandifunsa kuti tauni ndinaiona bwanji tsiku loyamba. Ndinaona miyala ya m'mbali mwa msewu ndi nsapato za anthu, chifukwa maso anga anali pa mpendero tsiku lonse. Ndimakumbuka kuti pamaloboti enieni tonse tinawoloka bwino, kupatula bambo, amene anali kalikiliki kutiwerenga mpaka dalaivala wina anawaimbira hutala. M'basi mayi anandipatsa mbatata, ndinakana. Anafuna kundikonza kolala, ndinawakankha dzanja.

Situdiyo inali kachipinda kam'mwamba, kokhala ndi nsalu kukhoma yojambulidwa nyumba yosanja ndi maluwa. Tinapukuta nsapato monga mwa pulogalamu. Wojambula anaika mipando iwiri, wa bambo ndi wa mayi ndi khanda. Mng'ono wanga anamukhazika pansi kutsogolo, achimwene kumbali kwa bambo. Ine anati ndiime pambali pa mayi, dzanja ndiike paphewa pawo. Pamenepo diresi lonse likanaoneka kuyambira kolala mpaka maluwa.

Ndinazungulira n'kukaima kumbuyo kwa mpando wa bambo, kuseri kwa achimwene.

"Bwera kuno, mwanawe," anatero mayi motsitsa mawu, akusisita m'mbali mwa mpando wawo.

Ndinakhala ngati sindinamve.

"Time, time," anatero bambo akuyang'ana wotchi. "Basi ya thu koloko itisiya. Jambulani choncho, bwana."

Chithunzicho chinabwera patatha masabata awiri. Chinali chopanda mitundu, monga zithunzi zonse za nthawi imeneyo. Chikasu ndi kufiira kumene ndinavutikira tsiku lonse sikukanaoneka ngakhale ndikanaima pamwamba pa tebulo. Bambo anachikhoma pambali pa cha mwini dziko, m'munsi pang'ono, kuti pasakhale nkhani. Katani sinasinthidwe. Madzulo aliwonse dzuwa linkalowera pampata wa m'munsi uja n'kuwala pasimenti, ndipo mayi sanatchulepo za nkhaniyi ngakhale kamodzi.

Mayi anamwalira patatha zaka zitatu, atadwala miyezi yochepa, ndili ku sekondale. Sanajambulitsenso chithunzi china. Chimenechi ndi chokhacho chimene tili nacho, ndipo pano chimakhala kwa ine. Bambo akuyang'ana kutsogolo molimba mtima, pepala la pulogalamu likusuzumira m'thumba. Ine ndikungooneka mutu ndi phewa limodzi, nkhope ili ndwii. Mayi okha ndi amene sakuyang'ana kamera. Atembenukira pang'ono kumbali imene ndinabisala, dzanja likadali m'mbali mwa mpando. Zidzukulu zanga zikafunsa chifukwa chake pambali pawo palibe munthu, ndimachita manyazi kuposa a tsiku lija pampopi, ndipo ndimaziuza zoona, kuti malo amenewo anali anga, anandiitana, ine ndinakana.