Mayi a Pakhomo

Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale, mpingo wonse unkangoti Mayi a Pakhomo. Anayamba ali kamtsikana, kugwirira bambo awo mabuku a nyimbo pakhomo la tchalitchi. Bambowo atamwalira, malowo anakhala awo. Lamulungu lililonse ankapatsa moni aliyense pomutchula dzina, ngakhale khanda lakumsana. Ankati, "Munthu akatchulidwa dzina pakhomo, amalowa ngati kwawo."

Anakwatiwa, analera ana, anaika mwamuna wawo m'manda, koma pakhomo sanachokepo.

Ukalamba utafika, maso anayamba zachilendo. Chitseko chinkaoneka chokhota. Kenako pakati pa chilichonse panabwera chibanga chakuda: malaya a munthu ankawaona, nkhope ayi. Kuti amuzindikire, ankapotoza khosi n'kumuyang'ana cham'mbali.

Dokotala wa maso anati, "Ndi nthenda yaukalamba iyi, mayi, ndipo nthawi zina imayendera limodzi ndi ya mtima. Mukapimitse."

Mtimawo unapezekadi wofooka. Mumpingo anauza munthu mmodzi yekha, wapampando wa amayi, mwana wawo wa ubatizo. "Mwanawe, anthu akamadabwa uziwafotokozera. Ine ndikachita kunena ndekha, aziti ndikufuna kumveredwa chisoni."

Anthu anadabwadi. "Masiku ano akutiyang'ana ngati tinawabera," ankatero. "Ine dzana anandipitirira ngati chitsa."

Nkhani inafika kumsonkhano, kuti Mayi apume pakhomo. Wapampando anangoti chete, pakuti mng'ono wake ankawafuna malowo. Mayi anadikira mawu ake mpaka manja ovomereza anakwezedwa. Nkhope sanazione, koma cham'mbali anaona bwino lomwe dzanja lovala chibangili chimene iwo anagulira wapampandoyo pa ukwati wake.

Zinawapweteka kuposa nthenda. Kunyumba analira, n'kuuza mwana wawo wamkazi kuti, "Za maso ndi mtima dokotala anandichenjeza. Za uyu sananene."

Komabe tchalitchi sanasiye. Ankakhala pabenchi yakumbuyo, n'kumanong'ona mayina a olowa, powazindikira mawu ndi mayendedwe. Wapampando akamadutsa monyang'ama, iwo ankati, "Lowa, mwana wanga." Iye sankacheuka.

Mtima wa Mayi unaima masana ena ali pampando wawo, korona ili m'manja, mwana wawo akuwawerengera salimo.

Pamaliro wapampando analankhula mokoma, nati palibe ankadziwa kuti Mayi sankaona. Zilembedwe pano kuti mpingo udziwe: mmodzi ankadziwa, ndipo Mayi ankamupatsabe moni.