Nambala ya a Mawaya

A Mawaya anagwira ntchito zaka zambiri m'chipinda cha makompyuta pa koleji yathu. Ine ndinali tsidya lina la khonde, ku laibulale, komwe ndimamata mabuku ong'ambika mpaka lero. Dzinali anawapatsa ndi ana a sukulu, chifukwa ukalowa m'chipindamo kawirikawiri unkangoona miyendo itatulukira pansi pa tebulo, eni ake akufufuza waya amene wasiya kugwira. Sindikufuna kuwakometsa. Anali munthu wosachedwa kupsa mtima, wobwerezabwereza nkhani imodzimodzi, ndipo tiyi wawo ankamwa okha atakhoma chitseko. Ndingolemba zimene ndinaona.

Bambo awo anali telala wa pakhonde la sitolo. A Mawaya anakulira pansi pa makina osokera, kutola tinsalu, ndipo ankati n'chifukwa chake pansi pa tebulo amapaona ngati kwawo. Sukulu anailekeza panjira, n'kuphunzira kutayipa pa makina akale aja olira ngati matalala padenga. Ku koleji anabwera ngati mesenjala. Makompyuta atafika, akuluakulu anafuna munthu wopukuta fumbi ndi kutseka mawindo. Fumbi anapukutadi, ndipo pang'onopang'ono anadziwa ndi zam'kati zomwe. Akazi awo anamwalira kale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali.

M'chipindamo munali mizere ya matebulo, fani yosazungulira ndi fungo la pulasitiki yotentha. Kumapeto, pafupi ndi windo, kunali mpando wopendekeka umene aliyense ankaupewa.

Ankakonda kunena kuti ana onse a pa koleji ali pa masamba a mchezo a pa intaneti, koma salowera khomo limodzi. A mafoni aakulu sankapondamo n'komwe m'chipinda chawo. Ankangodutsa pakhonde mitu ili pansi, akujambula nsapato zawo, chakudya chawo, ngakhale mvula. Amene ankalowa anali ana a alonda, a ogulitsa pamsika, a ku sukulu zakutali. Awa nthawi yawo inali yochepa, choncho zolemba ankabwera ataziphika kale m'mutu. Anyamata ankaika nkhope zawo ndi mayina awo enieni, n'kumakangana za mpira ndi anthu amene sanawaonepo. Atsikana ambiri ankaika duwa m'malo mwa nkhope, dzina n'kulipotoza, poopa amalume owalipirira sukulu ndi azibambo osadziwika otumiza moni wosatha. Panalinso aphunzitsi achikulire obwera kudzawonjezera maphunziro. Iwowa ankatayipa ndi chala chimodzi, kupatsa moni dziko lonse, kenako n'kusayina dzina pansi.

"Aphunzitsi, simukulembera bwanamkubwa apa," ankatero a Mawaya. "Chotsani 'ine wanu wokhulupirika'yo."

Pakati pa ana olowa m'chipindamo panali mtsikana amene anzake ankamutcha Sisitere, chifukwa cha siketi yake yaitali ndi kufatsa kwake. Iye yekha ndiye ankakhalira mpando wopendekeka uja, poti sunkalimbiranidwa. Tsiku limene anafuna kutsegula tsamba lake ndinali momwemo, nditabwera kudzabwereka pulaya.

"Ika nambala yako apa," anatero a Mawaya. "Akutumizira tinambala tolowera."

"Ndilibe foni, ankolo."

"Ya amayi ako?"

"Nawonso alibe. Timaimbira ya aneba."

"Ndiye ukufuna anebawo azikuwerengera tinambala kuchokera komweko? Sendera uko."

Analemba nambala yawo. Kafoni kawo kakale kananjenjemera m'thumba la malaya, iwo n'kumuwerengera, tsamba n'kutseguka. Kuyambira tsiku limenelo, wina akalembera Sisitere, uthenga wodziwitsa unkafikira kwa a Mawaya. Ankang'ung'udza kuti asanduka mesenjala kachiwiri, koma nambalayo sanaichotse.

Sisitere ankagona chipinda chimodzi ndi mwana wa dokotala, amene ankatchedwa Dona. Dona sanali wamwano. Ankamubwereka madiresi ndi kumujambula ndi foni yake, ndipo amayi ake akabwera pa galimoto yawo yofiira ankatenga atsikana onse awiri kukadya m'tauni. Motero tsamba la Sisitere linadzaza ndi zovala zosakhala zake ndi malo amene yekha sakanalowamo. Sanali yekha wochita zimenezi. A Mawaya ankati pali jekete limodzi la buluu limene analiona pa masamba a anyamata a chipinda chonse.

Kenako kunabwera fashoni yoti aliyense aike chithunzi cha amayi ake. Sindikudziwa anaiyambitsa ndani, koma inagwira ngati chimfine. Sisitere anaika chithunzi chimene anajambulitsa ndi amayi a Dona, atamukoleka dzanja paphewa, ndipo pansi pake analemba kuti, "Ine ndi amayi." Anthu anachikonda kuposa zonse zimene anaikapo. A Mawaya anachiona akudutsa kumbuyo kwake.

"Iwe, amenewa si aja a galimoto yofiira?"

"Aa, ankolo, inunso. Ndi zapatsamba chabe izi."

"Nanga ako enieni alakwanji?"

"Sanajambulitsepo. Chimene ali nacho ndi cha pa chitupa, ndipo akuoneka ngati awagwira ataba." Anaseka atagwira pakamwa. "Tchuthi chino ndibwereka foni ya Dona, ndikawajambule atasamba bwinobwino."

Tchuthicho sanachifike. Anadandaula mutu, kenako khosi linauma, ndipo anamwalira kuchipatala m'mawa wina maphunziro ali mkati. Dzuwa lisanafike pamutu, masamba onse anali atadzaza ndi nkhope yake ndi zithunzi za makandulo. Anthu anafufuza pa tsamba lake kuti adziwe wopepesa, n'kupeza chithunzi chija. Mapepeso onse anakhamukira kwa amayi a Dona. Amayi ake enieni anali kuchapa zovala kunyumba ya anthu, monga ankachitira tsiku lililonse. Mwana wa m'nyumbamo anaona nkhaniyo pa foni yake, koma sanaganize kuti ikukhudza mayi amene anali panja pampopi. Uthenga unawapeza madzulo, kudzera kwa aneba aja.

Maliro anatha, ana anabwerera ku mayeso, makandulo anakwiririka ndi nkhani za mpira. Kafoni ka a Mawaya kokha ndiko sikanamve kuti mwanayo kulibe. Kankanjenjemerabe. Wakuti wakonda chithunzi chanu. Wakuti akufuna kukhala mnzanu. Tsiku lina anabwera ku laibulale, zimene sankachita, n'kuika foniyo pa buku limene ndinkamata.

"Taonani, achimwene. Akuti anthu akundifunira tsiku lobadwa labwino. Ine ndinabadwa nyengo yozizira."

Ndinati achotse nambalayo. Anati achotsa mawa. Mawa limenelo silinafike, ndipo mpando wopendekeka uja anaukankhira kukhoma, koma sanautulutse.

Chaka chotsatira akuluakulu analengeza kuti chipinda cha makompyuta chitsekedwa, chisanduke ofesi, chifukwa masiku ano mwana aliyense ali ndi foni. A Mawaya anangoti akuluakuluwo awerenga ana amene amakumana nawo pakhonde. Ndi m'masiku omwewo pamene kunabwera mayi wina ku laibulale, masana, atanyamula jumbo. Manja awo anali otuwa ndi sopo, zala zitachita makwinya. Anaima pakhomo mpaka ndinawafunsa.

"Pepani bambo, ndikufuna amene amasunga zithunzi za ana. Dona anandiuza kuti mwana wanga ali m'kompyuta."

Ndinazindikira kuti ndi amayi a Sisitere. Ndinawakhazika pabenchi la pakhonde n'kukawauza a Mawaya. Anatseka chitseko, nkhope itagwa.

"Alibe chithunzi chake chilichonse atakula," ndinatero. "Akufuna angomuona."

"Ndiye aone kuti mwana wawo anawasinthanitsa ndi mayi wa galimoto?" Anatulutsa kafoni kaja. "Khomo la tsamba lake lili muno. Ndikapempha tinambala, ndilowa, ndifufuta, palibe adzadziwe."

Anapemphadi. Foni inanjenjemera, tsamba linatseguka, chithunzi chija chili pamenepo. Chala chawo chinakhala pa batani lofufutira nthawi yaitali.

"Bambo anga ankati chovala cha malemu sasoka zigamba," anatero potsiriza. "Kawaitaneni."

Koma anachita mochenjera. Anayambira pansi penipeni, pa zithunzi zakale, n'kumakwera pang'onopang'ono, akufotokoza chilichonse motalikitsa, poganiza kuti mayiwo atopa kapena alira asanafike pamwamba. Mayiwo sanatope. Anasankha okha mpando wopendekeka uja, n'kukhala kumphepete kwake, jumbo ili pamiyendo.

"Diresi limeneli la ndani?"

"La Dona, mayi."

"Lamukhala. Koma wawonda m'khosi. Apa ndi kuti?"

"Kodyera, m'tauni."

"Akugwira mpeni ngati anabadwa nawo. Kwathu ankanyambita ndi mbale yomwe."

Anaseka pang'ono, n'kugwira galasi la kompyuta ndi chala, pa tsaya la mwanayo. A Mawaya, amene ankakalipira aliyense wogwira galasi, anangowasiya. Zithunzi zinatha, kunatsala chimodzi.

"Awa ndani?"

"Amayi a Dona."

"Pansipa alemba chiyani? Maso anga sagwirizana ndi zilembo."

A Mawaya anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana fani. Anawerenga mmene zinalembedwera: "Ine ndi amayi."

Mayiwo anachotsa chala pagalasi n'kubisa manja onse awiri pansi pa jumbo.

"Ndi onenepa bwino," anatero. "N'chifukwa chake tsiku lija kunyumba kwanga kunali zii."

Pamenepo a Mawaya anawauza zimene mwanayo ananena: za chithunzi cha pa chitupa, za kuoneka ngati awagwira ataba, za foni ya Dona imene ankati abwereka pa tchuthi. Sanawonjezere kanthu, ndinalipo. Mayiwo anapukusa mutu.

"Mwano wa mwana ameneyu! Koma sananame. Pa chitupa paja ndimaoneka wakuba weniweni." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndiye ankati adzandijambula?"

"Ankatero."

"Ndijambuleni inuyo. Mundiike pomwepo."

"Mayi, ndikaika, zioneka ngati waika ndi iyeyo. Anzake achita mantha."

"Achite. Iwo anadziwa m'mawa, ine ndikuchapa masokosi a anthu. Lero adziwe ndi ine ndemwe."

"Chinachi ndichotse?"

"Ayi, asiyeni. Anamudyetsa mwana wanga. Mungondiika pamwamba pawo."

Pa kompyutayo panali kakamera kozungulira ngati diso la nkhuku. A Mawaya anakapukuta ndi malaya awo n'kutsegula katani kuti kuwale. Mayiwo anakonza mpango, anawongola msana pampando wopendekekawo, kenako anatulutsa manja aja n'kuwaika patebulo poonekera. Sanamwetulire. Atafunsidwa kuti pansi pake alembepo chiyani, anati, "Mulembe mmene akanalembera mwiniwake." A Mawaya analemba kuti, "Amayi anga ondibala," n'kudina batani.

Sipanapite nthawi. Pakhonde mtsikana wina anakuwa, foni yake n'kugwa pansi. Tinamva mapazi, kenako nkhope zinadzaza pawindo, zina zikuyang'ana m'mafoni, zina zikuyang'ana mayi amene anali pampando wa Sisitere atavala mpango womwewo wa pachithunzi. Palibe analowa. Dona yekha ndiye anakankha chitseko, n'kugwada pambali pa mayiwo. Kafoni ka a Mawaya kananjenjemera patebulo mpaka kanayenda kokha kukafika kumphepete. Mayiwo anafunsa kuti kakuti chiyani.

"Akukupepesani, mayi," anatero a Mawaya.

"Achedwa," anayankha. Komabe anapempha kuti awawerengere, ndipo anamvetsera uliwonse mpaka dzuwa litachoka pawindo.

M'mawa mwake a Mawaya anaitanidwa ku ofesi. Makolo ena anali atadandaula kuti ana awo sanagone, ndipo kulowa pa tsamba la mwini kunali kolakwira malamulo a chipindacho, amene anawamata pakhoma ndi iwo eni. Sanadzikanire. Anauzidwa kuti asadikire tsiku lotseka, ndipo anasiya makiyi patebulo la mlembi. Kaya analakwa kaya ayi, ine sindigamula. Ana amene ankalowa m'chipinda chija tsopano ndimawaona ataima kumbuyo kwa anzawo, akudikira kubwerekedwa foni.

Masiku ano a Mawaya amakonza masimbi ositira ndi mawailesi pakhonde la sitolo, ngati bambo awo kale. Nambala ija sanaisinthe. Amaonetsetsa kuti isafe, poopa kuti ingapatsidwe kwa munthu wina amene sangadziwe kuti mauthengawo ndi a ndani. Nditapita kukawaona, anandidandaulira za mawondo ndi za anthu osabwera kudzatenga katundu wawo. Tili mkati mocheza, kafoni kaja kananjenjemera pakati pa masikuluwu. Anakatembenuza chafufumimba osakayang'ana.

"Si zanga," anatero. "Ndi za mwana uja."

Anatola simbi n'kupitiriza kumasula.