Tinkaseketsa Akapitawo Kuti Atisankhe

Chaka cha njala chija, ku Kalembo kunali bambo wina wa chigayo amene anali ndi munda waukulu, woti ukaima kuno sukuona kumene wathera. Ganyu wa kumeneko ankalipira madeya, mbale imodzi ukamaliza ndime yako. Madeya, abale, chakudya cha nkhuku! Koma m'mawa uliwonse tinkadzaza pansi pa mlambe umene unali polowera m'mundamo, makasu paphewa, kudikira kuti akapitawo atiloze chala. Ankatenga ochepa, okhawo ooneka kuti ali ndi mphamvu. Otsala ankabwerera kwawo chimanjamanja.

Ine ndinkachokera cha ku Nsamala. Amuna anga anali atapita ku Mozambiki kukasaka chinangwa, ndipo kunali zii. Ana ndinkawasiya ndi mng'ono wanga n'kulawira ndi khasu. Masiku oyambirira akapitawo sankandiona n'komwe, ndipo ndinkabwerera ndikutukwana njira yonse.

Tsiku lina pafupi nane panaima mayi wina wamfupi, wa mpango woyera kumutu, woonda ngati mpini wa khasu lake lomwe. Anali Myao wa ku Chiuta, wa ana awiri. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena mokweza kuti aliyense amve:

"Achemwali, inunso mwabwera kudzachepetsa thupi? Ine adokotala andiuza kuti mafuta andichulukira."

Ine pakamwa sindinabwereke kwa munthu. Ndinayankha pomwepo.

"Ine ndathawa kunyumba. Antchito anga aphikanso mpunga ndi nkhuku. Ndatopa nazo."

"Nkhuku? Mukadadyabe nkhuku? Kwathu timaponyera agalu."

"Agalu anu amalandira? Wanga akapanda kuona tomato mu supu amakankha mbale."

"Ameneyo ndi galu wamwano. M'tumizeni kwathu, ndili ndi mphaka wophunzira, amuphunzitse ulemu."

Anthu anaphulika kuseka. Anthu amene dzulo lake anagona ndi madzi okha, kuseka mpaka kutsamira makasu! Akapitawo, bambo wamtali wa chipewa chong'ambika, anaseka mpaka kutsokomola. Atapukuta misozi anatiloza tonse awiri. Tsiku limenelo ana anga anadya phala la madeya, ndipo ine ndinapeza mnzanga.

Sitinkakonzekera iyayi. Tinkangokumana pansi pa mlambe, iye n'kuponya, ine n'kuwakha. Nthawi zina tinkakhala madona a ku tauni odandaula kuti filiji yadzaza, nyama ikusowa poika. Nthawi zina tinkangonena za tsiku ndi tsiku zomwe aliyense ankazidziwa. Ndikamufunsa za mwamuna wake, amene anali msodzi, ankati: "Anapita kukagulitsa ukonde. Ukonde wake ndi wautali, mpaka lero akugulitsabe." Mango osapsa amene tinkawiritsa ankawatcha nyama ya mumtengo, ndipo ankandilangiza pamaso pa anthu kuti ndisamadye yambiri, ndingadwale matenda a anthu olemera.

Iye anali Msilamu, ine Mkatolika, ndiye apanso tinkapezapo podyera.

"Achemwali, Ramazani ya chaka chino yakoma. Mpaka inu Akhristu mwalowamo."

"Iyayi, ameneyu ndi Lenti wathu. Inu ndi amene mwalowerera."

"Ndiye funsani abambo mfumu anu kuti timasula liti. Ashehe athu ndawafunsa, akuti mwezi sukuoneka, nawonso wapita ku ganyu."

Ina imene anthu ankaikonda inali ya ng'ona. Nthawi imeneyo amayi ambiri ankalowa mu Shire kukazula nyika, timizu takuda tija ta m'madzi, ndipo ena sankabwerako. Mnzangayo ankati: "Dzulo ng'ona inandigwira mwendo. Itandilawa inandilavula, akuti mayi, musandinyoze, pitani mukanenepe kaye." Anthu ankaseka, ngakhale amene anataya abale awo kumtsinjeko. Kaya chinali chiyani. Mwina kulira kunkafuna mphamvu zambiri kuposa kuseka.

Akapitawo sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Ankanena okha kuti tikakhalapo awirife anthu amapalira msanga, saona kutalika kwa mzere. Choncho m'mawa uliwonse ankafika, n'kuima, n'kudikira kuti tiyambe. Tikawaseketsa, chala chinkabwera kwa ife. Tinkadziwa tonse awiri, ngakhale sitinakambiranepo, kuti pakamwa pathu ndi pamene pakudyetsa ana athu.

Mvula itafika pakati, nthawi yobandira, ndinaona kuti mnzanga wayamba kumanga chitenje motsitsa, mpaka kukwekwereza pansi. Tsiku lina tikupuma kumapeto kwa mzere anachikweza pang'ono. Mayo ine! Mapazi anali atatupa, akunyezimira. Anadinikiza chala pamwamba pa phazi, ndipo pamene anachotsa panatsala kadzenje kosabwerera.

"Mwaona, achemwali? Ndayamba kunenepa. Ndayambira kumapazi, kumtunda kukubwera."

Sindinaseke. Ndinamukalipira ngati mwana. Ndinadziwa kuti madeya onse akupatsa ana, iye n'kumanyambita chikombe chokha, ndipo kochepa kamene ankadya kankangomutsegula m'mimba. Ndinati apite kuchipatala ku Balaka, kapena ku Machinga kumene kunali abale ake.

"Ndinapitako," anatero. "Anandipatsa mapilitsi, akuti ndizimwa ndikatha kudya. Ndinawafunsa kuti, adokotala, kudya kwake mwaika m'pepala lomweli? Iwo osaseka. Anthu ophunzira saseka, eti?"

Ndinalibe choti n'kumupatsa. Kunyumba kwanga mbuzi inapita kalekale, wailesi inapita, ngakhale chitseko cha kukhitchini tinasinthanitsa ndi chinangwa. Chimene ndinali nacho ndi pakamwa pomwepa. Ndiye ndinayamba kuchenjera. Pansi pa mlambe ndinkaima kutsogolo kwake kuti akapitawo asaone miyendo. Ndinkatalikitsa mbali yanga ya nkhani, kuti iye azingoponya mawu awiri atatu n'kupuma. M'munda tinkatenga ndime zoyandikana, ndipo akapitawo akatembenuka ndinkalowa m'mizere yake. Koma nanenso ndinali munthu wa madeya omwewo. Ndikawerama nthawi yaitali, poweramuka dziko linkazungulira, maso n'kuchita mdima.

M'mawa wina akapitawo anafika nkhope ili gwa. Anati abwana alamula kuti achepetse anthu, chifukwa kuchigayo sikukubweranso chimanga, ndiye madeya akutha. Anthu anayamba kukankhana, aliyense kutukula chifuwa kuti aoneke wamphamvu. Mnzanga anali atafika mochedwa, atatsamira khasu ngati ndodo. Ndinamuimika kumbuyo kwanga n'kuyamba mokweza:

"Achemwali, ng'ombe ija munapha dzulo mwaimaliza?"

Zii.

Ndinacheuka. Anali akundiyang'ana, milomo yoyera yothetheka. Anatsegula pakamwa, ndipo ndinaona kuti yankho ali nalo, linali m'maso mwakemo, koma mpweya wolitulutsira panalibe. 

"Akuti yatha!" ndinakuwa ine ndemwe. "Atsala ndi nyanga zokha, ndi zimene akutafunazi, n'chifukwa chake sakuyankha!"

Ena anaseka pang'ono. Ndinapitiriza. Ndinkafunsa ndekha, n'kudziyankha ndekha m'mawu ake, mpaka kuyesa Chiyao changa chothyokathyoka. Ndinanena za galimoto yake imene yakana kulira chifukwa yakhuta mafuta, za alendo a ku Lilongwe amene abwera kudzapempha mchere kwa iye.  Zimene ndinkanena sizinalinso zoseketsa, ndinkazimva ndekha kuti ndi phokoso chabe, koma ndinkaopa kuti ndikasiya akapitawo ayang'ana pansi.

Anandisiya mpaka mawu anandithera. Kenako anati, mofatsa:

"Mayi a kumbuyoko, tayendani mufike pano."

Mnzanga anayesa. Anaponya phazi limodzi, n'kukoka linalo, chitenje n'kutseguka. Aliyense anaona. 

Akapitawo anavula chipewa n'kuchiyang'ana mkati ngati muli china chake. Atachivalanso anandiloza ine ndekha.

Ndinagwada m'matope. Ine amene sindigwadira munthu wamba, ndinagwada n'kuwagwira mwendo wa thalauza. Ndinati atitenge tonse, ndilima ndime ziwiri ndekha, iye azingokhala pamthunzi.

"Mayi, mukuyesa sindimaona?" anatero. "Sabata yonseyi mwakhala mukulima mizere yawo, ndipo yanu yomwe mukuisiya ndi udzu. Ndakhala chete. Koma akandigwera m'munda muno, abwana andichotsa. Nanenso ndili ndi ana."

Ndinawatukwana. Ndinawanena za chipewa chawo, za abwana awo, za madeya awo ovunda. Sanandibwezere. Anangoima n'kumadikira kuti ndilowa kapena ayi, ndipo kumbuyo kwanga amayi ena anali atayamba kale kusendera kutsogolo kuti atenge malo anga. Mnzanga anali atakhala pansi, atatsamira mlambe. Anandikodola ndi dzanja kuti ndizipita. Ndinatola khasu n'kulowa m'munda, ndikulira ngati wofedwa.

Madzulo ndinapita kunyumba kwa mnzangayo ndi mbale yanga ija, n'kuigawa pakati. Anaphikira ana, iye n'kumangowayang'ana akudya. Mawa lake nditabweranso anakana. Anati ana anga nawonso ndi ana, ndipo theka la mbale silipulumutsa nyumba yake, lingogwetsa yanganso. Ndinakakamira, iye n'kukankha mbaleyo ndi phazi lotupa lija. Anandiuza kuti watumiza uthenga kwa mchimwene wake ku Chiuta kuti adzawatenge.

Mchimweneyo anabwera ndi njinga patapita masiku angapo. Ndinapatukira kunyumba kwa mnzangayo pochokera kumlambe, tsiku limene nanenso sanandisankhe, chifukwa ndekha ndinalibenso choseketsa munthu. Ndinapeza akumukweza mnzangayo pakaliyala. Sankatha kukhala yekha, ndiye anamumangirira ndi chitenje kumsana kwa mchimwene wakeyo ngati khanda. Ana anali oti azitsatira pansi ndi mayi wina wachibale.

Ndinasendera pafupi ndi njingayo. Ndiye ndinachita chokhacho chimene ndinkachidziwa.

"Achemwali, galimoto yanu yafika. Dalaivala wake ndi ameneyu? Muuzeni asathamange, mungatayike mafuta."

Ndinadikira. Ndinkafuna andiyankhe, abale, ngakhale liwu limodzi lokha la mwano, kuti ndibwerere kwathu ndikudziwa kuti akadalimo. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono, tsaya lili pamsana pa mchimwene wake. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ananena motsitsa, m'mawu amene sindinawamvepo chikumaniraneni:

"Achemwali, ndili ndi njala."

Ndinayang'ana m'manja mwanga. Munali khasu lokha. Mchimwene wake anapalasa njinga, ndipo ine ndinangoima pamsewupo, pakamwa pali pululu.

Uthenga wa maliro a mnzangayo unandipeza chimanga chitayamba kumene kukhwima.