Chule Wachikasu wa ku Al Warqa

Mwanajuma anafika ku Al Warqa, kutsidya kwa nyanja, mu 2014, mwamuna wake Taibu atagona zaka ziwiri kumanda. Ankachapa, kusita ndi kukolopa m'nyumba ya Madamu Amira osadandaula. Chinkamudya mumtima n'chimodzi: mawu a Taibu anali atamuthawa m'makutu.

Kwawo ku Machinga, adakali pachibwenzi, Taibu ankaopa amalume a Mwanajuma. Ankabisala kuseri kwa nkhokwe n'kumalira ngati chule wa kudambo, Mwanajuma n'kuyankha kawiri, kutanthauza kuti akubwera.

Bwana wa nyumbayo ankaweta chule wa ku India m'bokosi lagalasi. Tsiku lina Madamu anati, "Mwanajuma, yalla, fulumira, kamuwaze madzi chule uyo, wauma."

Iye anawaza madziwo ngati mvula yoyamba. M'mawa mwake, chule wotuwa uja anali atasanduka wachikasu ngati mango akupsa, khosi litafufuma, akulira mosalekeza.

"Akuitana mkazi," anatero Madamu akuseka. "Chikasucho n'choti amuna anzake asamuyese mkazi. Koma kuno amuyankha ndani?"

Madamu atatuluka, Mwanajuma anaima njo, chikolopa chili m'manja. Chuleyo ankalira katatu n'kupuma, monga ankachitira Taibu. Mwanajuma anagwada, nayandikitsa milomo pagalasi, n'kuyankha kawiri.

Chule anangoti zii. Koma kumbuyo kwake, m'chipinda mopanda munthu, Mwanajuma anamva mawu a Taibu aja bwinobwino: "Wachedwatu iwe. Udzudzu wanditha kuno."

Sanacheuke. Kuyambira tsikulo, ntchito yowaza chule madzi sankaisiyira munthu wina.